Chamanyanga cha agogo anga, siliva wa ku Sheffield m'nyumba ya ku Thyolo

Kwathu ku Thyolo tili ndi chinthu chinachake chomwe tonse tinakula tikuchitchula kuti Chamanyanga. Ndi choyikapo makandulo, kutalika kwake ngati kuchokera pachigongono mpaka kunsonga kwa zala, pamwamba pake pamalowa nthambi ziwiri zopindika ngati nyanga, nde chikakwana bwinobwino chimanyamula makandulo atatu, awiri m'mbalimu wina pakati. Eni ake azungu amati candelabra. Ife tili ana sitinkachiwerengera n'komwe, chinkangokhala pamwamba pa kabati pafupi ndi wailesi, magetsi akathima mayi ankangoti "iwe tatsitsa Chamanyanga icho" basi, homuweki tinkalembera pomwepo phula likudonthera pa kope.

Chinabwera ndi agogo aamuna, bambo awo a mayi anga. Anagwira ntchito m'nyumba ya bwana pa esiteti ina ya tiyi kwa zaka zoposa 20, anayamba ali kamnyamata kowaza nkhuni ndi kutenthetsa madzi osamba, kenako anawalowetsa m'nyumba kuti aziperekera chakudya patebulo. Zinalipo ziwiri zofanana ndendende, paja zinthu zimenezi zimapangidwa ziwiriziwiri, china mbali ino ya tebulo china mbali inayo. Dziko litalandira ufulu mu 1964 sipanapite nthawi yaitali bwana uja anayamba kulongedza. Dona anakulunga chinacho n'kuchiyika m'bokosi, ichi anawapatsa agogo poti nthambi zake zinali zitayamba kugwedera. Ndi chokhacho chomwe anatuluka nacho m'nyumba muja, kupatula jekete yoyera ya ntchito.

Mayi amakamba kuti olo atasiya ntchito, Lachisanu lililonse agogo ankakhala pakhonde n'kuchimasula chonse. Nthambi padera, timakapu tolowetsamo kandulo padera, timbale tolandira phula padera, zonse kuzindandalika pa mkeka. Madzi ofunda, kansalu kofewa kong'amba ku malaya akale, kenako chala chachikulu chokhachokha, kutikita malo amodzi mpaka chitsulo chitenthe. Ankati nsalu imangochotsa litsiro, kuwala kwenikweni kumatuluka ndi khungu la munthu. Akamamaliza zala zili bii. Ndipo kuno ndi chiperoni chathuchi siliva sachedwa kuda, chinyontho chikagwira sabata yathunthu amayamba chikasu, kenako bulawuni, kenako bii. Si dzimbiri ayi, ndi sulufule ya mumpweya yomwe imagwirana ndi siliva pamwamba pokha, n'chifukwa chake sipuni ya siliva ukadyera dzira imada pompopompo.

Agogo atatisiya panalibenso wochipukuta. Nthawi ina kunali chinkhoswe pakhomo, m'bale wina mwa chikondi chake anachitenga n'kukachikwecha ndi phulusa losakaniza mchenga ngati mmene timachitira mapoto. Chinawala tsiku limenelo, koma nthambi zija m'malo opindika munatuluka kufiira, mpaka lero mulipo. Mayi analira ngati maliro ayambiranso.

Nde chaka chatha atsibweni anabwera ndi nkhani yoti kuli anyamata akuyenda m'midzimu kugula zitsulo zakale pa sikelo, akuti ichi n'cholemera tipezapo ya feteleza. Mayi anangowayang'ana n'kuti, "Achimwene, chimenecho ndi thukuta la bambo, pa sikelo sichikwerapo." Nkhani inathera pomwepo, koma ine inandisiyira funso, kodi chinthuchi n'chiyani kwenikweni? Ndinachinyamula kupita nacho pawindo, kuchitembenuza, ndipo m'mphepete mwa tsinde lake munali tizidindo tisanu tondondozana, kalikonse kochepa kuposa njere ya mpunga. Zaka zonsezi tinkangoti ndi mabala. Ndinayandikiza kamera ya foni n'kukulitsa chithunzi, abale inu, ndinaona mkango.

Mkango ukuyenda, mwendo umodzi wakutsogolo utatukula. Ndinakhala masabata angapo ndikuwerenga za tizidindoti usiku, bandulo kumangotha, ndipo zomwe ndinapeza zinandigwira mtima kwambiri. Mkangowo umatanthauza kuti chitsulocho ndi siliva wa sterling, kutanthauza kuti pa magawo 1000 aliwonse, 925 ndi siliva weniweni, 75 otsalawo kwambiri amakhala mkuwa, poti siliva payekha ndi wofewa sangapirire ntchito. Chidindo cha mkango anachiyamba mu 1544. Koma lamulo lenilenilo ndi lakale kuposa apo, mu 1300 mfumu Edward I ya ku England inalamula kuti siliva asagulitsidwe asanayesedwe ndi kudindidwa mutu wa kambuku, ndipo kuyambira 1478 osula a mu London ankayenera kupititsa katundu wawo ku nyumba ya bungwe lawo yotchedwa Goldsmiths' Hall kuti akayesedwe. Mawu oti hallmark, dzina la tizidindoti pa Chizungu, anachokera pa holo imeneyo.

Kayesedwe kakenso sikanali kongoyang'ana ndi maso. Ankapala tizinyenyeswa pang'ono pa chinthu chilichonse, ngati chili ndi zigawo zambiri ndiye pa chigawo chilichonse, kutiyeza pa sikelo yaing'ono, kutikulunga mu mtovu n'kutiwotcha m'kambale ka phulusa la mafupa. Kambaleko kamamwa mtovu pamodzi ndi mkuwa, pakatikati n'kutsala kamkanda ka siliva yekhayekha, kayezedwenso. Kakaperewera, chinthu chako chomwe wavutikira miyezi ankachiphwanya ndi nyundo n'kukubwezera zidutswa. Ine zimenezi ndimazilemekeza. Munthu wogula sankafunika kudziwana ndi wosula, kapena kumulumbiritsa, chidindo chinkayankhula chokha.

Kachiwiri pa Chamanyanga ndi chisoti chachifumu. Ameneyo ndi Sheffield. Mzinda uliwonse woyesa siliva unali ndi chizindikiro chake, London mutu wa kambuku, Birmingham nangula, Sheffield chisoti. Mizinda iwiri yomalizayi inapatsidwa maofesi oyesera mu 1773, atalimbikira kwambiri mkulu wina wa fakitale ku Birmingham dzina lake Matthew Boulton, yemwe anatopa ndi kutumiza katundu wake kutali ku Chester pa ngolo kuti akayesedwe, n'kumabwerako atapindika m'njira. Kachitatu ndi mutu wa munthu wamwamuna woyang'ana kumanja. Imeneyo ndi lisiti ya msonkho, kuyambira 1784 mpaka 1890 siliva aliyense wolipiridwa msonkho ankadindidwa mutu wa wolamulira. Nde poti wathuyu ndi mutu wa mfumu yaimuna, ndipo mfumukazi Victoria inalowa ufumu mu 1837, ndiye kuti Chamanyanga chinapangidwa pakati pa 1784 ndi cha m'ma 1837. Tangoganizani. Tiyi anayamba kubzalidwa ku Mulanje mu 1891, kutanthauza kuti chinthuchi chinali kale chokalamba mtengo woyamba wa tiyi usanazike mizu kuno.

Kachinayi ndi chilembo cha chaka, chinadyeka theka. Kachisanu ndi komwe kanandikhalitsa pansi. Pamenepo pamayenera kukhala zilembo zoyamba za dzina la wosula, lamulo loti wosula aliyense azidinda chizindikiro chake linayamba mu 1363. Pa chathuchi patsala kadzenje kosalala basi, zilembo zinafufutika. Ndipo ukachigwira mmene munthu amagwirira pochipukuta, chala chachikulu chimagwera pomwepo ndendende. Anachipukuta ambiri agogo asanabadwe, antchito a m'nyumba za ku England omwe nawonso ankada zala, koma womaliza anali agogo anga, zaka ndi zaka, Lachisanu lililonse. Ndinayika chala changa m'kadzenjemo, chinakwana.

Tsopano za kulemera kuja atsibweni ankawerengera. Chamanyanga n'cholemeradi, koma kulemerako si siliva. Pansi pake pali kansalu kobiriwira komwe njenjete zinadya, ndipo ukasuzumira pobowoka umaona zakuda zolimba ngati tala wouma. Osula a ku Sheffield anali ndi njira yawo. Siliva ankamupsinja pamakina mpaka apyapyale ngati chitini, mmisiri wina n'kusema maluwa ndi mizere m'chikombole cha chitsulo cholimba, ntchito ya masabata, kenako nyundo yolemera yogwa kuchokera pamwamba inkamenya siliva uja m'chikombolemo n'kutuluka ndi maluwa onse. Zidutswazo ankazilumikiza ndi moto, pakati n'kuimika kandodo ka chitsulo, malo otsala n'kudzazamo phula lakuda ndi utomoni kuti chilimbe komanso chisagwe. Nde akanachiphwanya anyamata a sikelo aja akanapeza siliva wodzaza dzanja limodzi, kwinako phula. Mtengo wake uli pa kukhala chathunthu.

Nthambi zofiira zija nazonso zili ndi nkhani yake. Zilibe mkango chifukwa si siliva yense, ndi zomwe amati Sheffield plate. Cha m'ma 1743 mmisiri wa mipeni dzina lake Thomas Boulsover anapeza kuti ukasanjika siliva pamwamba pa mkuwa n'kuzitenthetsa mokwanira zimagwirana, ndipo ukazipsinja zimatambasuka pamodzi ngati chitsulo chimodzi. Nde mabanja ambiri ankagula thunthu la siliva weniweni, nthambi za plate, mtengo uchepeko. Phulusa ndi mchenga wa pachinkhoswe zinadya kakhungu ka siliva kaja, mkuwa n'kuonekera. Chonde amene muli ndi zinthu zoterezi m'makabati, phulusa ayi, waya wotsukira mapoto ayi. Komanso mukaona zilembo EPNS pansi pa tipoti kapena thileyi, dziwani kuti chimenecho n'chokutidwa ndi siliva pogwiritsa ntchito magetsi, njira yomwe a Elkington a ku Birmingham analembetsa mu 1840. Zambiri zomwe zinatsala m'nyumba za m'maesiteti ndi zimenezo, n'zokongola ndithu koma kakhungu kake n'kopyapyala kwambiri.

Ku London anthu a ndalama zenizeni ankafuna zothira, zopanda phula m'kati, ukazitembenuza pansi pali mphako ndipo kulemera konse ndi siliva. Apa nde pali luso lomwe ndimatha kuwerenga usiku wonse. Wina asema chitsanzo pa mtengo kapena pa phula, wina achidinde mu mchenga wonyowa wothinana m'mabokosi awiri, kenako siliva wosungunuka pa kutentha kopitirira madigiri 900 athiridwe mmenemo. Tsinde palokha, thunthu mbali ziwiri, kakapu pakokha, nthambi iliyonse payokha. Zikatuluka zimakhala zokhakhala, nde pamabwera munthu wa tizitsulo tosongoka tambirimbiri ndi kanyundo kopepuka, kugogoda tsamba lililonse mtsempha ndi mtsempha mpaka lioneke ngati lingagwedezeke ndi mphepo. Siliva ukamumenya amauma ndipo ukapitiriza amang'ambika, choncho amayenera kumubwezera pamoto afiire pang'ono, kumuziziritsa, kumutsuka mu asidi, n'kuyambiranso, kangapo konse. Mwana ankalowa ntchito imeneyi ali ndi zaka ngati 14, n'kukhala kwa mphunzitsi wake zaka 7 asanaloledwe kudinda dzina lake.

Ena mwa akatswiri otchuka a ku London anali othawa kwawo. Mu 1685 mfumu Louis XIV ya ku France inachotsa ufulu wopembedza wa Apulotesitanti, amisiri ambirimbiri n'kuwolokera ku England ndi luso lawo. Paul de Lamerie, yemwe mpaka pano amatchulidwa ngati katswiri woposa onse wa nthawi yake, anali mwana wa anthu otero, anabadwa mu 1688, anayamba kuphunzira kwa Pierre Platel mu 1703, anamwalira mu 1751. Izi zimandikumbutsa makolo athu Alomwe omwe anawoloka kuchokera ku Mozambique n'kudzakhala manja a maesiteti onsewa. Kunalinso John Cafe ndi William Cafe, pachibale pawo, omwe ntchito yawo yaikulu inali zoyikapo makandulo. Paul Storr pambuyo pake ankapanga zikuluzikulu za kunyumba yachifumu, nthambi zambirimbiri, zifanizo za anthu ndi nyama zitakhala patsinde. Koma amene ndimamukonda ine ndi Hester Bateman, mayi wamasiye, mwamuna wake anamwalira mu 1760, chaka chotsatira analembetsa chidindo chake cha HB n'kuyendetsa shopu pamodzi ndi ana ake mpaka 1790. Mayi ameneyu sankatha kulemba dzina lake papepala, koma pa siliva lilipo mpaka lero.

Wina angafunse kuti chuma chonsechi kungoyikapo kandulo? Kumbukirani kuti magetsi kunalibe. Siliva wopukutidwa amabweza kuwala, makandulo atatu amaoneka ngati asanu ndi limodzi, ndipo kuwala kunali kodula, makandulo ankadulidwa msonkho ku England kuyambira 1709 mpaka 1831. Olemera ankayatsa a phula la njuchi, osauka a mafuta a nkhosa ndi ng'ombe, ofuka utsi ndi fungo. Kuno nakonso zinali choncho. Agogo ankayatsa Chamanyanga patebulo la bwana n'kuima kumbuyo kwa mipando mpaka alendo amalize kudya, kenako n'kutsika mumdima kupita ku malaini komwe anganga ankawadikira ndi koloboyi. Zimenezo sindiziiwala ndikamachiyang'ana, ndipo kukongola kwake sikuzifufuta. Koma sindingachide chinthucho. Anachipanga ndi anthu ogwira ntchito ndi manja, anachisamala ndi anthu ogwira ntchito ndi manja.

Kugwedera kwa nthambi kuja kunafika poipa, kandulo ankapendekeka phula n'kumatayikira patebulo. Mwezi wa Juni ndinachikulunga m'chitenje n'kukwera nacho minibasi kupita ku Luchenza, kwa bambo ena okhoma zidebe pamsika. Ndi achikulire, amakhala pansi pa kashedi ka malata, pakati pa miyendo pali chidutswa cha njanji chomwe amakhomerapo, kuzungulira ponse mbaula, ndowa, makheni othirira dimba ndi makoloboyi a zitini za mkaka. Ndinawauza kuti andimatire nthambizo ndi mtovu zisamagwederenso.

Anapukuta manja pa thalauza kaye asanachilandire. Sanayang'ane maluwa, anayamba ndi kuchigogoda ndi chikhadabo atachiyandikiza kukhutu, pamwamba, pakati, patsinde. "Mayi, ichi moto sichifuna," anatero. "Mwamva mmene chikulirira? Sichikulira ngati chitsulo chopanda kanthu. Muli phula umu. Ndikangoyandikiza moto lisungunuka, lituluka, mutsala ndi chikopa chokhachokha." Ine ndinali ndisanawauze kalikonse za Sheffield. Kenako anayendetsa chala m'thunthu kuchokera pansi kupita m'mwamba, pang'onopang'ono maso atatseka, n'kuima. "Apa pali msoko." Ndinayang'ana, sindinaone kanthu. Anachipendeketsa padzuwa, nde kanaoneka kamzere kochepa ngati tsitsi. Anapukusa mutu. "Munthu ameneyu sankathamangira kwina kulikonse. Ine msoko wa ndowa ndimaubisa, koma chonchi ayi."

Anazula nthambi zija n'kundionetsa kuti vuto ndi kachitsulo kolowa m'kakapu ka pamwamba, kanadyeka ndi kuzula ndi kubwezera kwa zaka zonsezi. Anatenga nsapato yakutha pamulu wa zinthu zawo, kudula kachikopa ka lilime lake, kukapala ndi mpeni mpaka kapyapyale ngati pepala, kukakulunga pamenepo n'kulowetsa mopotoza. Gwa. Osagwederanso olo pang'ono. Ndalama anakana, akuti sanakhome kanthu. Anangopempha chinthu chimodzi, anatulutsa kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, kukayala pa tsamba limodzi la patsinde n'kukatikita ndi chala mpaka tsamba lonse linadindika, mitsempha yake yonse. Anakapinda bwinobwino n'kukayika m'thumba la shati.

Patapita masabata atatu ndinadutsanso ku Luchenza ndikuchokera ku Mulanje, ndinapatuka kuti ndikawapatse moni. Anandionera patali n'kuyamba kufufuza m'kabokosi kawo. Anatulutsa zivindikiro zinayi za zitini. Pa zitatu chitini chinang'ambika, pa chachinayi panali tsamba, lopendekeka pang'ono, mitsempha ina yakuya kuposa inzake, koma tsamba ndithu, lomwe lija. Anasula okha tizitsulo togogodera kuchokera ku misomali ya mainchesi sikisi, ina anaisongola ina anaibuntha nsonga.

"Panjanjipa sizikutheka mayi, pansi pakuuma kwambiri, chitini chikung'ambika. Pa thabwa ndayesa, chikubonyoka paliponse. Pakufunika chinthu choti chigwire chitsulo koma chizilola pang'ono nyundo ikamenya." Anakhala chete, kenako anati, "Mwina ngati phula lomwe lili m'kati mwa chinthu chanu chija."

Thupi langa linachita tsemwe. Ndinawauza kuti ndi mmene ankachitira osula a ku London aja, ankadzaza phula lakuda m'mbale yolemera, kulitenthetsa, kukhazikapo siliva kuti amatirire, n'kumagogoda maluwa pamenepo, ndipo mpaka pano osula siliva amatero. Sanadabwe n'komwe, anangogwedeza mutu n'kufunsa ngati ankalisakaniza ndi kanthu kuti lisamaphwanyike likazizira. Ndinati eya, ankathiramo mafuta a nyama pang'ono ndi ufa wa njerwa. Ufa wa njerwa anati ali nawo kuseri kwa shedi, mafuta akapempha kwa ogulitsa nyama ya mbuzi. Tala ndi amene anandituma ine. Ndayankhula kale ndi mnyamata wina yemwe amagwira ganyu yokwirira maenje mumsewu, akuti andisungira m'kachitini, Loweruka likubwerali ndikukatenga ndipite naye ku Luchenza.